Mwanza: Doko lopanda nyanja lomwe ambiri amangolidutsa

Pa chipata cha Mwanza tambala akamalira amakhala atachedwa kale. Injini za mathiraki zimakhala zitayamba kubangula, madalaivala akusukusula m'maso pambali pa matayala, amayi ogulitsa tiyi ndi mandasi atakoleza mbaula zawo. Anyamata a kabaza nawo amakhala atandandalika njinga zawo zamoto, maso ali pamsewu kudikira basi yochokera ku Joni.

Basiyo ikangoima pamakhala yakaliyakali. Anthu amatsika miyendo itatupa ndi ulendo wa masiku awiri, mapasipoti ali m'manja, ana ali kumsana. Katundu amatsitsidwa kuti akuluakulu otolera misonkho amuone: mabulangete, mafiriji, matiresi, zikwama zikuluzikulu zomangidwa ndi zingwe. Ogulitsa zipatso amazungulira mazenera, malichero ali pamutu.

Pakatha maola angapo basi ija imalira hutala, anthu n'kukwera, ulendo wa ku Blantyre. Mwa anthu onsewo, n'kovuta kupeza ndi mmodzi yemwe wofunsa kuti kuseri kwa mapiri akuonekawo kuli chiyani.

Umu ndi momwe Amalawi ambiri amaidziwira Mwanza: malo odindirapo pasipoti, kugula thumba la manachesi n'kupitirira. Koma boma limeneli lili ndi zambiri zoti munthu aone, adye, amve ndi kuphunzira, ndipo zina mwa izo zikuwonongeka kaamba koti palibe amene amaima n'kuziyang'ana.

Doko la pamtunda

Dziko la Malawi lilibe nyanja yamchere. Katundu wolemera amene amabwera pa sitima zapamadzi amatsikira ku Beira ndi Nacala m'dziko la Mozambique, ku Dar es Salaam m'dziko la Tanzania kapena ku Durban m'dziko la South Africa. Wochokera ku Beira ndi ku Durban, wambiri amalowera pa Mwanza.

Feteleza amene mlimi wa ku Thyolo amathira m'munda, mafuta amene minibasi ya ku Ndirande imayendera, zitsulo zomangira, zida za m'mafakitale ndi zakudya za m'masitolo akuluakulu, zambiri zimadutsa pa chipata chimenechi. Fodya, tiyi, shuga ndi nandolo wopita kunja nazonso zimatulukira pomwepa.

N'chifukwa chake munthu sangalakwe kutchula Mwanza kuti doko. Mathiraki ndiwo sitima zake, madalaivala ndiwo amalinyero, ndipo msewu wa ku Tete ndiyo nyanja yake. Zinthu zikasokonekera kutsidya, dziko lonse limamva kuwawa. Zipolowe zomwe zidabuka ku Mozambique chisankho cha mu Okutobala 2024 chitachitika zidasokoneza kayendedwe ka mathiraki, pa nthawi yomwe m'malo omwetsera mafuta m'dziko muno mudali kale mizere italiitali.

Boma la Mwanza ndi laling'ono. Lidachepa mu 2003 pomwe Neno idapatulidwa n'kukhala boma palokha. Kalembera wa 2018 adapeza kuti m'bomali muli anthu oposa 130,000, ambiri mwa iwo alimi a m'madera a mafumu monga Kanduku ndi Nthache.

Ulendo umayambira pa Zalewa

Kuchokera mumzinda wa Blantyre kukafika pa Mwanza ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 100. Munthu amatsata msewu wa M1 kudzera ku Lunzu ndi Lirangwe mpaka pa mlatho wa Zalewa, pomwe amawoloka mtsinje wa Shire. Akangodutsa pamenepo amakhotera kumanzere kulowa msewu wa M6.

Gawo loyamba la msewuwu limadutsa m'chigwa chotentha cha boma la Neno. Apa ndi kwawo kwa milambe. Mitengo ikuluikuluyi imaima m'minda ngati agogo oyang'anira mudzi, ndipo m'nyengo yake ana amagulitsa malambe m'mphepete mwa msewu. Msewu umawoloka mitsinje ya Lisungwi ndi Wamkulumadzi, yomwe imachokera m'mapiri a Neno kukathira mu Shire.

Kenaka galimoto imayamba kukwera. Kutentha kuja kumachepa, mphepo yozizirira n'kuyamba kulowa pazenera. Mapiri amayandikira, ndipo m'makomo mwa anthu mumayamba kuoneka mitengo yobiriwira ya masamba onyezimira. Ikakhala nyengo yake, mitengoyo imakhala itachita kupindika ndi zipatso zachikasu. Apo ndiye kuti mwafika ku Mwanza.

Amene ali ndi galimoto yolimba ndiponso nthawi angathe kupatuka kukaona Mpatamanga, pomwe Shire amapanikizika pakati pa matanthwe n'kumathamanga mwaukali. Msewu wakale wa Blantyre kupita ku Mwanza udali kudzera kumeneko, kuchokera ku Chileka. Boma lili ndi chikonzero chomanga damu lopangira magetsi okwana mamegawati pafupifupi 350 pamalopo, choncho maonekedwe amene malowa akhala nawo kuyambira kalekale adzasintha. Wofuna kuwaona asazengereze.

Kwawo kwa manachesi

Mukafunsa mwana wasukulu aliyense kuti ku Mwanza kumatchuka ndi chiyani, yankho limabwera msanga: manachesi. Nyengo yake imayamba mvula ikamatha, n'kufika pachimake m'miyezi yozizira ya Meyi, Juni ndi Julaye.

M'miyezi imeneyi tauni yonse imanunkhira makoko a manachesi. Amakhala ali m'malichero, m'madengu, m'matumba ndi m'milu pansi. Njinga zakapalasa zimatsika m'midzi m'mamawa zitasenza madengu, ndipo malole amadzaza kupita nawo ku misika ya Blantyre, Limbe ndi Lilongwe. Pambali pake pamakhala malalanje ndi mandimu.

Wodziwa kugula sathamangira pazenera la basi. Amatsika, n'kulowa mumsika, n'kulawa kaye. Nachesi wabwino amalemera m'dzanja, khungu lake limasendeka mosavuta, ndipo ukaliboola ndi chikhadabo fungo limafika pamphuno nthawi yomweyo. Amene angapemphe mwaulemu angathe kuperekezedwa kumudzi kukathyola yekha mumtengo, chinthu chomwe ana ambiri obadwira m'tauni sadachitepo.

Komabe kukoma kwa chipatsochi sikufanana ndi phindu lomwe mlimi amapeza. Manachesi amapsa nthawi imodzi, sachedwa kuwola, ndipo mlimi alibe posungira pozizira. Vendala akabwera ndi lole, mlimi amagulitsa pa mtengo umene wauzidwa, poopa kuti mawa zipatsozo zikhala zitayamba kufewa. Kwa zaka zambiri alimi ndi atsogoleri a m'bomali akhala akulira kuti kukhale fakitale yofinya zipatso, kuti zotsala zisamangothera kudzala. Pakadali pano masitolo a m'mizinda amadzaza ndi majuwisi ochokera ku South Africa, amene amadutsa pa Mwanza pomwepo, pafupi ndi milu ya manachesi.

Kupatula zipatso, mumsika wa Mwanza mumapezeka nandolo, mbatata ya kachewere yochokera kumapiri a Neno, nthochi, tomato ndi nyemba. Mumapezekanso katundu wa kutsidya: zitenje, mafuta ophikira, sipageti ndi nsomba zamchere za ku Cahora Bassa. Madzulo utsi wa kanyenya ndi tchipisi cha pachiwaya umakuta msewu, nyimbo za Chichewa, Chishona ndi Chipwitikizi zikupikisana m'mabala.

Pa chipata ndi kutsidya kwake

Chipata chenicheni chili makilomita ochepa kuchokera pa boma. Kungokhala pansi pa mthunzi n'kumaonerera zochitika pamenepa ndi sukulu payokha. Manambala a galimoto amakuuza komwe zachokera: Zimbabwe, Mozambique, South Africa, Botswana. M'kanthawi kochepa khutu limamva Chichewa, Chinyungwe, Chishona, Chizulu, Chipwitikizi ndi Chingerezi.

Pali maofesi a olowa ndi otuluka m'dziko, a bungwe lotolera misonkho la MRA, apolisi, a zaumoyo ndi a zaulimi. Pali makalaki othandiza amalonda kulemba zikalata za katundu, amene amathamanga uku ndi uku mafayilo ali kukhwapa. Pali amayi ochita malonda odutsa malire, amene ena mwa iwo aphunzitsa ana mpaka ku yunivesite ndi ulendo wa pa basi womwewu.

Mudzi woyamba wa ku Mozambique ndi Zobue, m'boma la Moatize m'chigawo cha Tete. Pakati pa maofesi a Malawi ndi a Mozambique pali kamtunda ka makilomita angapo, ndipo kamtunda kameneka ndiko kamadyetsa anyamata a kabaza. Mmalawi amene ali ndi pasipoti safunika viza pa ulendo waufupi wokacheza, kotero munthu angathe kuwoloka m'mawa, kukadya buledi wa Chipwitikizi ndi nkhuku ya piripiri, kuona phiri la matanthwe lomwe limayang'anira Zobue, n'kubwerera dzuwa lisadalowe.

Chodabwitsa kwa mlendo n'chakuti akawoloka samva kuti wafika kwa eni. Moni ndi yemweyo, nsima ndi yomweyo, mayina a mafuko ndi omwewo. Malirewa adalembedwa ndi Angerezi ndi Apwitikizi pa pangano lawo la 1891, ndipo adadula pakati pa mabanja, minda ndi manda. Mpaka lero anthu a mbali ziwirizi amakwatirana, amapita kumaliro a anzawo ndi kugulitsana malonda. Angoni a Maseko, amene mfumu Kanduku ndi mmodzi mwa mafumu awo, ali ndi abale awo ku Angonia kutsidya.

Wofuna kupitirira angathe kukafika mumzinda wa Tete, ulendo wa maola awiri kapena atatu, kudutsa ku Moatize komwe kuli migodi ya malasha. Kumeneko akaona mtsinje wa Zambezi ndi milatho yake iwiri: wakale wa Samora Machel wolenjekeka pa zingwe, ndi watsopano wa Kassuende umene udatsegulidwa mu 2014. Ayenera kutenga madzi akumwa okwanira, chifukwa kutentha kwa ku Tete sikuseweretsa.

Malasha a ku Moatize amadutsanso m'boma la Mwanza, koma pa njanji. Kampani ya Vale ya ku Brazil idamanga njanji yochokera kumalire a Chikwawa kudzera ku Mwanza ndi Neno mpaka pa Nkaya m'boma la Balaka, komwe imalumikizana ndi yopita ku doko la Nacala. Sitima zake ndi zazitali zedi moti mwana akayamba kuwerenga mabogi amasokonezeka asadafike kumapeto.

Chipilala cha ku Thambani

Kummwera kwa boma kuli msewu wopita ku Thambani. Ndi msewu wa m'mapiri, wokhotakhota, wa malo okongola. Komanso ndi msewu umene udalowa m'mbiri ya dziko lino ndi magazi.

Mu Meyi 1983, nduna zitatu za boma ndi phungu mmodzi adamangidwa akuchokera ku Nyumba ya Malamulo ku Zomba. Anthuwa adali Dick Matenje, mlembi wamkulu wa chipani cha Malawi Congress. Aaron Gadama, nduna ya chigawo cha pakati. Twaibu Sangala, nduna ya zaumoyo. Ndi David Chiwanga, phungu wa ku Chikwawa. Adagonekedwa kundende ya Mikuyu, ndipo pa 18 Meyi adatengedwa kupita ku Mwanza, komwe adaphedwa m'dera la Thambani. Mitembo yawo idaikidwa m'galimoto yomwe idakankhidwira kuphedi.

Boma la nthawiyo lidalengeza kuti anayiwo adafa pa ngozi ya galimoto akuthawa m'dziko muno. Kwa zaka khumi ndi chimodzi nkhaniyi idali yonong'onezana. Anthu a m'midzi yozungulira, amene ena adaona zachilendo usiku umenewo, adaphunzira kutseka pakamwa.

Ulamuliro wa zipani zambiri utabwera mu 1994, pulezidenti Bakili Muluzi adakhazikitsa komiti yofufuza motsogozedwa ndi woweruza milandu Harry Mtegha. Komitiyo idapeza kuti anayiwo adachita kuphedwa ndi apolisi. Mu 1995 pulezidenti wakale Hastings Kamuzu Banda, John Tembo ndi ena adazengedwa mlandu wokonza chiwembucho, koma mu Disembala chaka chomwecho khoti lidawapeza osalakwa. Kumayambiriro kwa 1996 Kamuzu adapepesa mtundu wa Amalawi pa zowawa zomwe zidachitika mu ulamuliro wake, ngakhale sadavomere kuti adalamula yekha.

Lero pamalopo pali chipilala cha chikumbutso. Palibe phokoso, palibe chipata cholipiritsa. Pali mphepo, mitengo ndi mayina anayi. Munthu akaima pamenepo n'kuyang'ana kuphedi, amamvetsa chifukwa chomwe Amalawi adasankhira zipani zambiri pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993.

Theka la Amalawi a lero ndi achinyamata amene adabadwa zonsezi zitachitika kalekale. Ambiri a iwo dzina la Thambani amangolimva m'kalasi, ena sadalimvepo n'komwe. Sukulu zimatengera ana ku nyanja, ku Mulanje ndi ku Liwonde, zomwe ndi zabwino. Koma ulendo wa tsiku limodzi wa ku Thambani ungaphunzitse mwana za ufulu kuposa zolemba za pa bolodi za teremu yonse.

Msewu womwewu umapitirira mpaka ku Chapananga ndi Chikwawa, koma wofuna kuutsata ayambe wafunsa momwe ulili, makamaka nthawi ya dzinja. Mlatho waukulu wa Chapananga pa mtsinje wa Mwanza udakokoloka ndi namondwe wa Ana mu Januwale 2022.

Njira ya matchona ndi othawa nkhondo

Mbiri ya Mwanza siyithera pa Thambani. Kalekale mabasi asadabwere, amuna a ku Nyasaland ankadutsa njira ya ku Tete wapansi kupita ku minda ndi migodi ya ku Southern Rhodesia ndi ku Joni. Ankawoloka Zambezi pa bwato, kugona m'tchire, kulimbana ndi njala ndi zilombo. Ena adabwerako ndi njinga, wailesi ndi masuti. Ena sadabwererenso, ndipo ndiwo amene amatchedwa matchona. Zidzukulu zawo zilipo mpaka lero ku Mbare mumzinda wa Harare ndi m'matauni a migodi a ku Zimbabwe.

Nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique, pakati pa boma la Frelimo ndi zigawenga za Renamo, idasandutsa msewu wa Tete kukhala njira ya imfa. Njanji za ku Beira ndi Nacala zitawonongedwa m'zaka za m'ma 1980, katundu wa Malawi adayamba kudalira kwambiri misewu. Mathiraki ankasonkhana pa malire n'kunyamuka pamodzi pa mdipiti, asilikali a Zimbabwe akuwaperekeza mpaka ku Nyamapanda. Madalaivala achikulire amene adayendapo nthawi imeneyo amakumbukira zigoba za mathiraki otenthedwa zomwe zidali mbwee m'mphepete mwa msewu.

Pa nthawi yomweyo anthu a kutsidya ankathawira kuno. Malawi idasunga anthu othawa nkhondo oposa 1 miliyoni, ndipo Mwanza idali limodzi mwa maboma amene adalandira ambiri. Misasa monga Chifunga ndi Luwani, yomwe tsopano ili m'boma la Neno, idadzaza. Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ambiri adabwerera kwawo.

Nkhaniyi idabwerezanso mu 2015 ndi 2016, pomwe anthu zikwizikwi ochokera m'chigawo cha Tete adathawira m'mudzi wa Kapise m'boma la Mwanza, kenaka n'kusamutsidwira ku Luwani. Eni mudzi adagawana nawo madzi, nkhuni ndi malo, monga adachitira makolo awo.

Amalawi nawonso alowerapo pa chipata chimenechi akulira. Mu 2008 ndi 2015 mabasi adabweretsa anthu othawa nkhanza zochitira alendo ku South Africa, ena atangotsala ndi zovala za m'thupi. Mu Meyi 2020, mliri wa Covid-19 uli mkati, mabasi ena adabweretsa mazana a anthu amene ntchito zidawathera kumeneko. Komabe tsiku lililonse achinyamata ena amakhala akutuluka pa chipata chomwecho, kachikwama kumsana, kukasaka moyo ku Joni.

Mbiri yonseyi ilibe nyumba. Pa Mwanza palibe malo odziwika amene mlendo angalowe n'kuona zithunzi za mdipiti wa mathiraki, chiphaso cha mtchona kapena khadi la chakudya la munthu wothawa nkhondo. Zonse zili m'mitu mwa okalamba, ndipo okalambawo akutha mmodzimmodzi.

Phunziro lochokera ku Ireland

Maiko ena adazindikira kuti malo otsanzikirana ndi chuma. Ku Ireland kuli tauni ya padoko yotchedwa Cobh, kufupi ndi mzinda wa Cork. Pakati pa 1848 ndi 1950 anthu pafupifupi 2.5 miliyoni adakwerera sitima pamenepo kuthawa njala ndi umphawi, kupita ku America ndi maiko ena. Sitima yotchuka ya Titanic idaima komaliza pa doko limeneli pa 11 Epulo 1912 isadamire.

Anthu a ku Cobh sadabise mbiri yowawayi. Siteshoni yakale ya sitima yapamtunda adaisandutsa nyumba yosungiramo mbiri ya anthu osamuka. Pafupi pake adaimika chiboliboli cha Annie Moore, mtsikana amene adanyamukira pamenepo ndi alongo ake awiri n'kukhala munthu woyamba kulembedwa pa Ellis Island ku New York pa 1 Januwale 1892. Lero zidzukulu za anthu amene adachoka zimabwera kuchokera kutali kudzaona pomwe makolo awo adaponda komaliza, ndipo zimagona m'mahotela, kudya m'malesitilanti ndi kulemba ganyu operekeza alendo a m'tauniyo.

Mwanza ili ndi nkhani yofanana. Kusiyana kwake n'kwakuti ya ku Cobh idalembedwa ndi kusungidwa. Kuyamba sikulira mamiliyoni ochuluka: chipinda chimodzi pafupi ndi chipata, zithunzi zakale, mawu a okalamba ojambulidwa pa foni, zikwangwani zolozera ku Thambani, ndi achinyamata angapo ophunzitsidwa kuperekeza alendo. Khonsolo ya boma, mafumu ndi nthambi yoona za zakale angathe kugwirana manja pa ntchito yotere.

Mapiri akumetedwa

Chinthu china chomwe mlendo sangalephere kuona pa msewu wa Zalewa ndi matumba a makala. Amakhala ataimikidwa m'mphepete mwa msewu, ena ali pa njinga zomwe amuna amakankha thukuta lili kamukamu. Makala ambiri amene amaphikira mabanja a mumzinda wa Blantyre akhala akuchokera ku Mwanza ndi Neno.

Zotsatira zake zikuoneka ndi maso. Mapiri amene kale adali ndi mitengo ya tsanya, mombo ndi masuku tsopano ena ali mbee. Nkhalango yotetezedwa ya Thambani nayo siidapulumuke ku nkhwangwa. Mu 2020 lamulo la za nkhalango lidakhwimitsidwa, koma wowotcha makala amati ana ake sangadye lamulo, ndipo wa m'tauni amati magetsi ndi gasi n'zodula.

Chitsanzo choti zinthu zingathe kubwerera chili pafupi. Nkhalango ya nyama ya Majete, imene ili kummwera m'boma la Chikwawa, idatsala pang'ono kutheratu nyama kaamba ka opha mozembera. Bungwe la African Parks litayamba kuiyang'anira mu 2003, zipembere zidabwezeretsedwa chaka chomwecho, njovu mu 2006, mikango mu 2012 ndipo akadyamsonga mu 2018. Lero alendo amalipira ndalama kukaona nyamazi, ndipo anthu a m'midzi yozungulira amapezako ntchito. Chipata chachikulu cholowera ku Majete chili mbali ya Chikwawa, pafupi ndi mathithi a Kapichira, choncho ulendo umenewu umafunika tsiku lakelake.

Mtengo woimirira ungathe kudyetsa banja zaka zambiri kudzera m'uchi, bowa, masuku ndi alendo odzakwera mapiri. Ukasanduka thumba la makala umadyetsa banjalo sabata imodzi.

Wopita ku Mwanza adziwe izi

Nyengo yabwino yochezera Mwanza ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, pomwe manachesi ali mbwee, kunja kukuzizira ndipo misewu ya kumidzi ndi youma. Juzi isaiwalike, chifukwa usiku kumazizira.

Maminibasi ndi matakisi opita ku Mwanza amapezeka tsiku lonse mumzinda wa Blantyre. Malo ogona alipo a mitengo yosiyanasiyana, pa boma ndi kufupi ndi chipata. Wopita ku Thambani achite bwino kunyamuka m'mawa ndi munthu wodziwa njira, ndipo akafika ayambe wapereka moni kwa eni dera. Safunsa adadya phula.

Wofuna kuwoloka malire atenge pasipoti kapena chiphaso chovomerezeka, ndipo adutse pa chipata. Njira zachidule za m'tchire zilipo, koma zathera anthu ambiri m'chitokosi, ena kulandidwa katundu. Ndalama asinthe ku banki kapena kumalo ovomerezeka, popeza osintha a pamsewu ndi akatswiri pa kuwerenga mothamanga. Kujambula zithunzi pa maofesi a chipata ndi pa malo a asilikali n'kosaloledwa popanda chilolezo, mbali zonse ziwiri.

Monga matauni onse a m'malire, Mwanza usiku ili ndi mayesero ake. Komwe kumagona anthu apaulendo ambiri, kachilombo ka HIV sikakhala patali. Wanzeru amadzisunga kapena kudziteteza.

Ndipo pogula manachesi, mlendo asanenerere mpaka kumuliza mayi wogulitsa. Dengu limene akulitsitsa mtengolo latsika phiri pamutu, ndipo ndalama yake ndi ya fizi, sopo ndi mchere.

Dzuwa likamalowa kuseri kwa mapiri a Zobue, mzere wa mathiraki umayambanso kutalika. Madalaivala amayatsa timbaula pansi pa matirela, nsima n'kuyamba kuphikidwa. Amayi a manachesi amawerenga zomwe apeza n'kulongedza zotsala, akudziwa kuti zina sizifika mawa. Ku Thambani mdima umakuta chipilala chija.

Mawa basi ina ya ku Joni idzaima pa chipata, ndipo anthu adzatsika mapasipoti ali m'manja. Mwina mmodzi mwa iwo adzaitanitsa chikwama chake, n'kuuza kondakitala kuti apitirire, iye agona pa Mwanza.